Anyezi Asanu Ofanana

Mayi wachizungu wolandira zinthu pakhomo la holo ananyamula anyezi wanga wamkulu ndi manja awiri, namutembenuza uku ndi uku, kenaka anamubwezera m'dengu. Anayankhula Chingerezi chothamanga. Ine ndinatolapo liwu limodzi lokha, lakuti pepani.

Mnzanga wa ku Kenya, wolima pa nyumba yoyandikana ndi yathu, ndiye anandimasulira m'Chiswahili. Apo n'kuti Chiswahilicho nditayamba kuchimvako.

"Akuti sakufuna wamkulu. Akufuna asanu ofanana."

"Ofanana bwanji?"

"Ngati ana a mimba imodzi, obadwa tsiku limodzi."

"Nanga wamkuluyu walakwa chiyani?"

"Wakula yekha. Wasiya anzake."

Ine ndine wa ku Dedza, kufupi ndi Bembeke. Anyezi ndinayamba kulima ndisanamere ndevu. Kwathu pa chionetsero cha zaulimi wopambana ndi amene wabwera ndi chachikulu, dzungu lofuna anthu awiri kuti linyamulidwe, chinangwa chotalika ngati mwendo. Ndiye nditamva kuti kuno ku Karen, mu Nairobi, kuli chionetsero cha maluwa ndi zakudimba m'holo ya tchalitchi, ndinangozula wamkulu kuposa onse, n'kuwonjezerapo anayi amene anali naye pafupi.

Anandilola kuwayika kumapeto kwa tebulo. Oweruza atadutsa, ndinapeza kakhadi koyera pambali pake. Mnzanga anawerenga.

"Akuti sunatsate lamulo."

"Basi?"

"Akutinso walima bwino."

Iye anatenga khadi lofiira, la nambala wani, ndi tianyezi tisanu toti kwathu tikanapatsa ana aseweretse. Ndinanyamula dengu langa n'kubwerera kunyumba. Wamkulu uja tinamudya masiku atatu.

Ku Nairobi ndinabwera chifukwa cha maso. Ndinali ndi ng'ala mbali zonse ziwiri. Mkazi wanga anali atamwalira, ana anga ali kumabanja awo. Mwana wamkazi wa mlongo wanga ndiye anandiitana. Ndi dokotala, amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu, ofesi yake ili ku Westlands. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 4, ndipo ndinamutenga ndine. Tsiku lopita ku Fomu 1 ndinamukweza pa njinga, iye pa kaliyala, sutikesi pa chiwongolero. Nkhani yake ndi yomweyo.

Opaleshoni itachitika, maso atapola, anati ndikhale kaye, kumudzi kulibe wondiphikira. Nyumba imene amachita lendi ili pa malo aakulu, koma onsewo anali udzu. Udzu wothirira madzi, wometa ndi makina, wosadyetsa ngakhale mbuzi. Ndinauyang'ana sabata imodzi, kenaka ndinapempha khasu.

Anandipatsa chipinda cham'mwamba, choyandikana ndi chawo. Ndinagonamo masiku awiri, ndinakana. Malume sagona khoma limodzi ndi mkamwini. Mwamuna wakeyo ndi munthu wabwino, wa ku Zomba, woyendayenda ndi ntchito, koma lamulo ndi lamulo. Kuseri kunali kanyumba kamene anamangira antchito, kopanda munthu. Ndinasamukira komweko. Palibe anandithamangitsa, ndinasankha ndekha.

Ndiye taganizani. Nkhalamba ya majombo, yogona m'kanyumba ka kuseri, khasu lili m'manja tsiku lonse. Anthu a ku Karen anaona, namaliza okha nkhani. Alonda a pa geti la msewu wathu ankanditcha mzee wa shamba, ndiye kuti mkulu wa kumunda.

M'nyumba zinthu zinali m'malo mwake. M'mawa uliwonse, asanakwere galimoto, ankabwera kukhomo langa. "Amalume, mwadzuka bwanji?" Pa tebulo sankayamba kudya ine ndisanasambe m'manja. Nkhani za kumudzi, maliro, malire a munda, chinkhoswe cha mng'ono wake, zonse zinkadikira mawu anga. Pakati pa Amalawi anzathu sizinkavutanso. Lamulungu tikaweruka ku mapemphero kunkabwera ana a sukulu a kwathu, ophunzira m'mayunivesite a kuno, kudzadya chakudya cha kunyumba. Onsewo ankadziwa kuti mpando wa kumutu ndi wa amalume. Vuto linali kunja kwa geti.

Ku Karen si kumudzi, si m'tauni. Nyumba sizioneka, umangoona mipanda ya mitengo yometedwa ndi mageti. Woyenda pansi ndi wantchito. Matatu, ndiwo maminibasi a kuno, amakutsitsa pa raundabauti, kwinako uziyendera wekha. Pa raundabautipo ndi pamene anthu amakumana. Masitolo akuluakulu atsopano alipo, koma akale sanachoke. Pali butchala yodula nyama ndi makina, yogulitsanso mafupa a agalu m'mapaketi. Pali positi ofesi ya timabokosi ta makiyi, timene nkhalamba zimabwera kudzatsegula ngakhale mulibe kanthu. Pali dokotala wa agalu ndi mahatchi, khonde lake laukhondo kuposa chipatala cha kwathu. Pakhoma la sitolo ina pali bolodi la zidziwitso lotseka ndi galasi. Galu wasowa. Hatchi ikugulitsidwa. Wophika wathu akufuna ntchito, ife tikuchoka. Loweruka pa bwalo lina pamakhala msika wa uchi, tchizi ndi mbande za maluwa. Msika wake wopanda phokoso, wosanenerera. Ndinayesa kamodzi kunenerera, mayi wogulitsayo anandiyang'ana ngati ndamuponda chala.

Ndipo chilichonse chili ndi komiti yake. Ya misewu, ya mitengo, ya chitetezo, ya maluwa. Ku kalabu yawo sulowa chifukwa chakuti wafuna, mpaka mamembala awiri akuyimire. Masiku ano ambiri m'makomitimo ndi Akenya, koma malamulo ndi omwe aja anasiya azungu, ndipo amawasunga kuposa eni ake.

Tsiku lina tikudutsa pa raundabauti paja pa galimoto, mwana wa mlongo wanga anati, "Amalume, zonsezi anazitenga kwawo." Iye anaphunzirako zaka ziwiri ku Mangalande, akukhala m'katauni kena kakang'ono.

"Kumeneko zonse zili pamodzi, mozungulira bwalo. Pakati pali mtanda wa mwala, pamwamba pa holo pali wotchi. Lachitatu ndi tsiku la msika, amatsegula ndi belu, alimi amabwera ndi zawo kuchokera m'mafamu. Ng'ombe amagulitsa pa okushoni kuseri kwa siteshoni. Pali tinyumba ta nkhalamba zosauka pafupi ndi tchalitchi. Pali timadimba tobwereka ku khonsolo. Palinso nyuzipepala ya pa sabata, yolemba amene wamwalira ndi amene galu wake wapambana."

"Ndiye pa boma basi," ndinatero.

"Pa boma popanda fumbi."

"Anakulandira?"



"Ankandipatsa tiyi. Zaka ziwiri, tiyi yekhayekha."

Ndinaona kuti ku Karen kuno akufuna zoposa tiyi. Sindinamude nazo. Munthu amene waphunzira chotero amafuna pomukhalitsa.

Loweruka lina kunyumba kunabwera alendo, anzake a kuntchito ndi oyandikana nafe. Ine ndinali kuthirira nazale pafupi ndi khonde. Bambo wina wa ku Kenya, wa komiti ya misewu, anayamikira kabichi, nafunsa kuti munthu ameneyu anamupeza kuti, poti naye akufuna wotere. Chingerezi changa n'cha Sitandade 5, koma izi ndinazimva. Mwana wa mlongo wanga anaseka pang'ono.

"Ndi a kwathu ku Malawi. Amatisamalira munda."

Bodza sananame. Ndine wa ku Malawi, munda ndinkasamaladi. Ndinatseka mpopi n'kupita kuseri.

Alendo atachoka anabwera ndi chakudya yekha, osatuma mtsikana wa m'khitchini. Anayika pa tebulo, naima.

"Amalume, anthu aja ndi ovuta kuwafotokozera."

"Sindinafunse."

"Ndikudziwa, koma mwina munamva molakwika."

"Mchere ulipo?"

Sitinaikambenso. Koma kuyambira tsikulo ndinkadikira chinthu chimodzi: kuti tsiku lina, pamaso pa anthu a kunja kwa geti, anene ndi pakamwa pake kuti ine ndine ndani wake. Kumuuza sindikanatha. Zotere ukachita kupempha sizikomanso.

Chaka chotsatira ndinaona pa bolodi la galasi lija kuti chionetsero chikubweranso. Kakhadi koyera kaja kankandiwawabe. Ndinaganiza zobwererako.

Mnzanga wa kuseri kwa mpanda ndiye anandiphunzitsa, ngakhale ankadziwa kuti ndikufuna kumulanda malo. Tinkayankhulana pa mpata umene galu wa abwana ake anaboola mumpandamo. Anali wa msinkhu wanga, wa mano otalikirana, munthu wosatha kukhala chete. Ankanditcha Mzee Malawi.

"Mzee Malawi, iwe umalima kuti anthu akhute. Awa anakhuta kale. Akufuna zoyang'ana."

"Anyezi ndi wodya."

"Kwanu. Kuno ndi wojambula."

Ndinachita monga anandiuza. Ndinafesa tsiku limodzi, mbewu ya paketi imodzi. Powokera ndinakoka chingwe, ndinadula kamtengo koyezera, mbande iliyonse mtunda umodzimodzi ndi inzake. Manyowa ndinasefa ngati ufa. Madzi ndinkathira ndi chitini, aliyense chitini chake, osawonjezera. Amene wayamba kuthamanga kukula ndinkamuzula n'kukapereka kukhitchini. Apo dzanja linkakana. Moyo wanga wonse anyezi wotere ndi amene ndinkamusunga, ndiye lero ndizimuzula ngati udzu.

Dothi la kuno ndi lofiira, labwino, koma adani ndi ambiri. Mfuko inalowa mzere wachitatu, ndinalimbana nayo sabata yathunthu. Apusi ochokera kunkhalango ankazula mbande, osadya, kungotaya. Kuzizira kutafika, kuja kwa mitambo yosachoka ngati kwa ku Dedza, masamba anayamba mawanga. Ndinawaza phulusa. Mnzanga anasuzumira pampata paja n'kuseka.

"Abwana anga amagula mankhwala a m'botolo. Iwe ukuthira za m'mbaula?"

"Ako ali bwanji?"

"Ali ndi mawanga."

"Bwera ndi chitini."

Kutatsala masabata atatu ndinazula onse. Ndinawayanika pa waya, pamthunzi, n'kumawatembenuza m'mawa uliwonse kuti khungu liume mofanana. Mnzangayo anandibwereka mphete yodula ku paipi ya pulasitiki. Anyezi woyenera azidutsamo movutikira. Wogwera yekha ndi wamng'ono, wokanirira ndi wamkulu. Pa mulu wonse uja ndinapeza khumi ndi mmodzi, ndipo pa amenewo ndinasankha asanu. Ndinakhala nawo tsiku lonse pa khonde, kuwasinthasintha malo, mpaka maso anga atsopanowa anayamba kutuluka misozi.

"Usasende mpaka kuyera," anandichenjeza. "Oweruza amadziwa. Chotsa khungu lokhalo limene likufuna kuchoka lokha. Khosi upinde, umange ndi mlaza, mfundo zonse ziyang'ane mbali imodzi."

M'holo muja mumakhala matebulo a mitundu iwiri. A kumtunda ndi a mamembala a komiti ya maluwa ndi a pabanja pawo. A kumunsi, kufupi ndi khomo, ndi a antchito olembedwa. Chaka choyamba mnzanga anangonditengera kumunsi, ine osafunsa. Pepala lolowera limafuna siginecha ya mwini nyumba, ndipo lili ndi timabokosi tiwiri tochongamo, ka kumtunda ndi ka kumunsi.

Mwezi womwewo mwana wa mlongo wanga anali atalandiridwa m'komiti ya maluwayo. Mamembala awiri anamuyimira. Anabwera kunyumba akusangalala ngati tsiku limene anakhoza mayeso. Ndinadikira masiku awiri, kenaka ndinamupatsa pepala lija atangofika kuchokera kuntchito. Analiwerenga lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Cholembera chinaima pakati pa timabokosi tija.

"Amalume, chaka chatha munalowa mbali iti?"

"Ya kumunsi."

"Ndiye tingopitiriza momwemo?"

"Cholembera chili ndi iwe."

Anachonga kumunsi, nasaina. Pondibwezera pepalalo sanandiyang'ane.

Kutatsala masiku atatu mnzanga anandiitana pampata paja.

"Koma iwe, ndiwe wantchito weniweni?"

"Ukuona khasu."

"Khasu ndikuliona. Ndikuonanso kuti Lamulungu m'galimoto umakwera kutsogolo, bwana wamwamuna n'kukhala kumbuyo. Kwathu kuno kutsogolo kumakwera galu."

Ndinamuuza. Anaseka mpaka kukhosomola, kenaka anasiya.

"Ndiye utseke pakamwa. Akamva kuti ndiwe wa pabanja, akuchotsa pa tebulo lathu. Pa la mabwana sungalowenso, mayina anatseka sabata yatha. Mayi uja anakubwezera anyezi chaka chatha ndiye wapampando. Buku la malamulo amalidziwa kuposa Baibulo."

"Bwanji osakanena iweyo? Upambane."

"Ndikufuna ndikugonjetse ndi anyezi, osati ndi pakamwa."

Tsiku la chionetsero ndinavala jekete. Ine ndi mnzanga tinayenda pansi, madengu ali m'manja, chifukwa zinthu zimayenera kukhala pa tebulo eyiti isanakwane. Anyezi aliyense ndinamukulunga m'nyuzipepala yake. Pa tebulo ndinathira mchenga m'mbale, ndinawakhazika, atatu kumbuyo, awiri kutsogolo. Antchito anzathu anali ambiri, ena ndi zitheba zisanu ndi chimodzi zotalika mofanana, ena ndi makaroti atatu otsukidwa ngati akupita ku ukwati. Kumtunda kunali maluwa m'mabotolo, makeke, jamu, ndi zoluka.

Belu linalira. Aliyense anatuluka, zitseko anatseka, oweruza anatsala okha. Mamembala anakwera magalimoto kukamwa khofi ku masitolo. Ife tinakhala pa kakhoma ka tchalitchi, pansi pa mitengo. Mnzanga ankayankhula za mpira, za mwana wake wogwira ntchito m'fakitale ku Athi River, za bondo lake. Ine sindinamve zambiri.

Atatsegula, sindinathamange. Mnzanga ndiye anayamba kufika, ndipo ndinamumva akufuula.

"Mzee Malawi! Ndakuphunzitsa mopitirira!"

Khadi lofiira linali pa mbale yanga. Labuluu, la nambala thu, linali pa yake. Dzina langa analilemba ndi zilembo zazing'ono, pansi pa dzina la mwini nyumba, monga amachitira ndi onse a kumunsi. Ndinaliwerenga kawiri. Mphotho yake ndi kachikho ka siliva kamene umasunga chaka chimodzi, ndi sizasi yodulira mpanda. Ankati apereka nthawi ya fili koloko.

"Mawa nditseka mpata uja ndi waya," anatero mnzanga. Koma anandigwira dzanja osalisiya.

Kenaka inakwana nthawi ya tiyi. Nayonso ili ndi lamulo lake. Mamembala atsopano ndiwo amathira tiyi, kumtunda, m'makapu osweka okhala ndi timbale take. Antchito amadzithirira okha kukhomo, m'makapu a pulasitiki, mabwana akatha. Mwana wa mlongo wanga anali kuseri kwa ketulo yaikulu, atavala epuloni, dokotala wathunthu akufunsa anthu masupuni a shuga.

Anaona khadi lofiira lija ali komweko. Ndinamuona akuliona. Anathira tiyi m'kapu ya kumtunda, shuga masupuni atatu monga ndimamwera, nadutsa holo yonse. Atafika pa ine anachita zimene wakhala akuchita kuyambira ali wamng'ono. Dzanja lamanzere linagwira mkono wamanja, maondo anapinda mpaka siketi inakhudza pansi.

"Tiyi, amalume. Mwawina!"

Sanaganize. Thupi linangochita lokha.

Mayi wapampando uja anali pa tebulo la zitheba, buku lake lili m'khwapa. Anatembenuka. Ndi munthu wobadwira ku Kenya konkuno, wa tsitsi loyera, wa maso osaphonya kanthu. Anabwera pang'onopang'ono. Ulendo uno sanathamangitse Chingerezi, ndinamva zonse.

"Adokotala, ine ndakhala mu Africa moyo wanga wonse. Sindinaonepo mayi akugwadira wantchito wake. Bambo awa ndi ndani wanu?"

Anthu apafupi anatembenuka. Bambo wa komiti ya misewu uja analiponso, keke ili m'manja. Mnzanga anayang'ana kudenga.

Mwana wa mlongo wanga anadzuka. Anayang'ana khadi, nayang'ana ine. Anandifunsa m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Amalume, lamulo lija mukulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Ndiye ndinene chiyani?"

Ndinamwa tiyi. Mayi uja funso lake sanafunse ine.

Mayi uja anadikira. Sanali wankhanza, ankangodikira. Kunja kunkamveka galimoto ikubwerera m'mbuyo. Mwana wa mlongo wanga anapukuta manja pa epuloni, ngakhale anali ouma.

"Awa ndi mlongo wa mayi anga," anatero. Mawu anali okweza. "Mayi anga atamwalira, anandilera ndi iwowa. Kwathu ndiwo mutu wa banja lathu. Si antchito anga, sanakhalepo antchito anga. Pepala lija ndinachonga ndine, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita."

Kenaka anabwereza zomwezo m'Chiswahili chake chothyokathyoka, kuti a kukhomo nawonso amve.

Mayi wapampando anandigwira dzanja. Anandipatsa moni m'Chiswahili chabwino kuposa changa, nauza munthu wina kuti abwere ndi mpando. Anati anyezi otere sanawaonepo m'holo muno kwa zaka zambiri. Atatha zonsezo anatsegula buku lake, nayika chala pa mzere wina.

"Pole sana, mzee, pepani kwambiri. Tebulo ili ndi la antchito olembedwa okha. Ndikalola lero, chaka cha mawa aliyense abwera ndi m'bale wake."

Anatenga khadi lofiira ndi zala ziwiri, nafufuta dzina langa, nalemba la mnzanga. Labuluu linapita kwa munthu wina amene anali wachitatu. Anyezi anga anatsala pa mchenga paja opanda khadi lililonse. Anati chaka cha mawa ndidzalowe kumtunda, adzandisungira malo yekha.

Mnzanga anayang'ana khadi lake latsopano ngati lanyowa.

"Ndinakuuza utseke pakamwa," anatero. "Sindinadziwe kuti ndikauzenso maondo a adokotala."

Antchito anzathu anaseka, koma osati kwambiri. Ena anayamba kusuntha kundipatsa malo, anthu omwe m'mawa tinakhala limodzi pa kakhoma. Bambo wa komiti ya misewu anasiya keke yake, nabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Anandifunsa kuti ulendo wochokera ku Malawi ndinayenda bwanji, ngati ndafika dzulo. Mpando unabwera. Sindinakhalepo.

Ndinamaliza tiyi, ndinayika kapu pa tebulo, ndinavala chipewa. Mwana wa mlongo wanga ananditsatira mpaka pakhomo, epuloni ili m'chiuno.

"Amalume, miyezi isanu ya ntchito yanu. Ndakuwonongerani."

Ndinatsika masitepe.

"Ndikanachonga kumtunda tsiku lija. Ndinachita mantha ndi zinthu zopanda pake. Amalume, nenani kanthu. Ngakhale kundikalipira."

Kukwiya sindinakwiye. Chikho chinali chitapita, ndipo chinandiwawa. Koma chimene ndinadikira chaka chonse chinali chitanenedwa, kawiri, holo yonse ikumva. Ndikanati nditsegule pakamwa, mawu akanatuluka ndi zina zimene mwamuna wa msinkhu wanga saonetsa pagulu.

"Galimoto ili kuseriku," anatero. "Dikirani ndivule epuloni."

Ndinadutsa pa geti la tchalitchi, ndinalowa msewu wa kunyumba, wapansi.